CHINKHWE SI WAYILESI, AMWENE

Abale anga a kugombe, kuyambira ku Malombe, Mpondasi, Makawa, Nkope, Msaka mpaka ku Chembe. Ndi ine yemwe uja, mwana wa msodzi, amene mumati ndimalemba zitalizitali ngati kalata ya mabishopu. Ya leronso ndi yayitali. Amene bandulo yatsala pang'ono musaope, muno mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha.

Lachiwiri usiku m'gulu lathu lija munaona chithunzi. Mphwathu wina, sindimutchula, akudzidziwa yekha, ndipo amayi ake ndi amayi anga amatunga pa mjigo umodzi, anaponya zingolopiyo 6 zili m'kakeji ka waya wa nkhuku. Pambali pake panali katoni ya sopo, m'katimo tiana tiwiri ta chinkhwe, nthenga zisanamere n'komwe. Pansi analemba kuti, "Zolankhula izi, mtengo tikambirana ku inbox." Ine ndinangofunsa funso limodzi: wazitenga kuti? Iye sanayankhe, munamuyankhira ndinu. Wina anati, "Wayambatu uja wa ku Joni." Wina, "Mesa ndi mbalame basi? Mpheta sitidya?" Wina anangondandalika tinkhope toseka. Ndiye akulu ena amene ndimawalemekeza kwambiri analemba mawu amene andisowetsa tulo masiku atatu: "Anthu akugona ndi njala, iwe ukulirira mbalame. Zachizungu izo."

Ndamva. Tsopano ndipatseni mpata nane ndiyankhe, chifukwa pa nkhani iyi sindikunena za m'buku. Ine ndinasungapo chinkhwe, ndipo ndinatsala pang'ono kuchipha ndi manja angawa, uku ndikuchikonda.

Ambiri mukudziwa kuti ndinakhala ku Johannesburg zaka zinayi, ndikugwira ya m'gadeni. Pakhomo pomwe ndinayambira panali chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chimene amachitcha African grey. Mtundu umenewu kutchire la kuno kulibe, kwawo ndi nkhalango za ku Congo, Cameroon, Gabon, Ghana uko. Dzina lake anali Charlie. Pamene ndinkafika ine n'kuti ali ndi zaka 19, wamkulu kuposa mwana woyamba wa pakhomopo. Ankalira ngati foni ya abwana mpaka adona kutuluka m'bafa chothamanga. Ankaitana galu ndi mawu a abwana, galu n'kubwera, n'kumangocheukacheuka. Ine ndinali ndi chizolowezi choimbira amayi kumudzi ndili pafupi ndi khonde lomwe ankakhala. Tsiku lina ndikuthirira maluwa ndinangomva kumbuyo kwanga mawu anga enieni akuti, "Amayi, ndatumiza, mwalandira?" Ndinataya paipi, ndimayesa andiyendera zakumudzi.

Patapita zaka ziwiri banja lija linasamukira ku Australia, dziko lomwe salola kulowetsa mbalame yoweta yochokera ku South Africa. Akusowa pomusiya, ndinapempha ndine. Ndinati ndipatseni, amandidziwa, ndimamukonda. Anandipatsa ndi keji yake yomwe. Ndinanyada, ndinakutumizirani zithunzi, ena mwa inu munalemba kuti "wafika amwene."

Tamvani mmene ndinafikira. Ntchito yatsopano inali kutali, ndinkachoka 5 koloko m'mawa n'kubwera 7 koloko usiku. Chipinda chinali cha malata, zenera limodzi, keji inadya theka la malo. Ndinkaphikira momwemo pa chitofu cha parafini, nthawi yotentha n'kuyatsa koyilo ya udzudzu. Chakudya chake mpendadzuwa ndi mtedza, poti n'zimene ankazikonda komanso zinali zotchipa. Mwezi woyamba ankakuwa tsiku lonse, eni nyumba anadandaula, ine n'kuyamba kufunditsa keji bulangete ndikamachoka. Mwezi wachitatu anasiya kukuwa. Ndinati bola, wazolowera. Mwezi wachinayi ndinayamba kutola nthenga pansi. Pofika wachisanu ndi chimodzi chifuwa chonse chinali pamtunda ngati nkhuku yososola. Ankadzizula yekha, imodziimodzi, mpaka magazi. M'mawa wina ndinamupeza wagwa pansi pa keji akuphiriphitha ngati wakhunyu.

Mayi wina wa ku Zimbabwe amene ankakolopa kwa dokotala wa ziweto ndi amene anandilumikiza ndi kalabu ya anthu osunga zinkhwe. Ndinaimba ndi mantha, ndimayesa andiitanira apolisi, poti mapepala anga nawonso sanali oti n'kuonetsa aliyense. Anabwera awiri: gogo wina wa imvi ndi mnyamata wachizulu wa zipsera m'mikono monse chifukwa cholumidwa. Sanandikalipire. Gogoyo anayang'ana mbale ya mpendadzuwa, anayang'ana chitofu, anayang'ana bulangete, n'kunena kuti zimenezi amaziona sabata ndi sabata, ndipo kawirikawiri m'nyumba za anthu a ndalama kuposa ine. Dokotala anati kugwa kuja kunali kusowa kashiamu m'thupi, vuto lodziwika kwa zinkhwe zotuwa zimene zimadya njere zokhazokha osaona dzuwa.

Ndinasaina pepala lomupereka. Anandilola kumakamuona Loweruka, ndipo ndinapita chaka ndi theka, kutsuka makeji, kuduladula masamba, kulumidwa. Ndiye ndikuuzeni zimene kalabu yotere imachita, poti inu mumayesa ndi azungu omwa tiyi mbalame ili paphewa.

Mbalame ikangofika saisakaniza ndi zinzake. Imakhala payokha mwezi wathunthu kapena kupitirira, dokotala akuyeza magazi ndi zitosi. Pali nthenda ina imene imathothola nthenga n'kuwononga mlomo, ilibe mankhwala, ndipo imayenda ndi fumbi la nthenga. Palinso ina imene imagwira ndi anthu omwe, imayamba ngati chimfine n'kukafika pa chibayo. Iwe amene ukugona chipinda chimodzi ndi katoni ija, wamva?

Ikatuluka kumeneko imapita kwa wolera. Wolera si mwini wake. Ndi membala amene wavomera kuisunga kunyumba kwake miyezi ingapo, monga mmene azakhali amatengera mwana wamasiye podikira kuti abale agwirizane kokakhala. Amaiphunzitsa kudya zoyenera, amaizoloweza dzanja la munthu, amaiyeza pa sikelo ya kukhitchini n'kumalemba m'kope. Sikeloyo ili ndi chifukwa chake: mbalame imabisa matenda, poti kutchire yooneka yofooka ndi imene kabawi amayambira. Ukadzaona ndi maso kuti yadwala, ndiye kuti inadwala kalekale. Sikelo ndi imene imaulula msanga.

Tsono wofuna kuitenga kuti ikhale yake sangobwera ndi ndalama m'manja ngati pamsika. Amamufunsa ngati ankhoswe akufufuza banja. Muli ndi zaka zingati? Pakhomo mumakhalapo maola angati? Alipo wosuta m'nyumbamo? Eni nyumba ndi aneba avomera phokoso? Inu mukamwalira idzatsala ndi ndani? Amapita kukaona nyumbayo ndi maso. Akakhutira, munthuyo amasaina kuti sadzaigulitsa, sadzaiswetsa kuti azichita malonda, ndipo zikadzamukanika adzaibweza ku kalabu. Ambiri amabwerera chimanjamanja, ena atakwiya. Kamodzi pamwezi mamembala amakumana, wodziwa kuphunzitsa wosadziwa, kusonkha ya mankhwala, kukonza zoseweretsa za matabwa ndi zingwe. Wina akagonekedwa m'chipatala, anzake amamusungira mbalame. Ikathawa, amauzana pafoni ngati mmene timachitira bwato likasowa pa mwera.

Kunyumba kwa gogo uja kunali zinkhwe 14 nthawi imeneyo. Ndinawafunsa kuti zonsezi zimachokera kuti. Anawerenga pa zala: iyi mwini wake anamwalira, iyi banja linatha, iyi kunabadwa mwana, iyi inaluma mlendo, iyi aneba anakadandaula, iyi anasamuka. Panalibe ngakhale imodzi imene mwini wake ankadana nayo pachiyambi. Zonse zinalowa m'nyumba ndi chikondi ndi zithunzi, ndendende mmene Charlie analowera kwa ine. Kalabu ija si chionetsero cha anthu okonda mbalame ayi. Ndi gulu la anthu amene akukolopa pamene anzawo anatayira.

Vuto lake ndi ili, amwene. Chinkhwe chotuwa chikasamalidwa chimakhala zaka 40, 50, zina mpaka 60. Bambo anga asintha mabwato anayi chiyambireni usodzi, chinkhwe chimodzi chikanawaona onsewo n'kutsalabe. Mnyamata wa zaka 25 akachitenga lero, akwatira nacho, abereka nacho, atula ana ku sekondale nacho, mwina n'kudzatsogola iye kumanda chikadali moyo. Wayilesi ikakutopetsa umazimitsa. Ichi chilibe pozimitsira. Walira mvula walira matope.

Ndipo mutu wake si wa nkhuku. Ku America mayi wina wa sayansi, Irene Pepperberg, anagula chinkhwe chotuwa mu 1977 n'kuchitcha Alex, anagwira nacho ntchito zaka 30 mpaka chinafa mu 2007. Alex ankadziwa mawu oposa 100, ankatchula mitundu ya zinthu ndi maonekedwe ake, ankawerenga zinthu mpaka 6. Akamuonetsa zinthu ziwiri n'kumufunsa kuti zasiyana pati, ankayankha ngati ndi mtundu kapena maonekedwe. Mutu woterowo ndi umene ine ndinkautsekera m'chipinda cha malata maola 14 pa tsiku, pansi pa bulangete. Kutchire mbalame zimenezi zimayenda m'magulu, zimauluka mitunda kufuna zipatso, zimasankha mnzake mmodzi n'kukhala naye zaka. Charlie sanali wamisala pamene ankadzizula nthenga. Anasowa chochita, anasowa wolankhula naye, chomwe chinatsala pafupi ndi mlomo wake chinali thupi lake lomwe.

Tsopano ndibwere kwa inu amene munati mpheta timadya. Eee, timadya, nane ndinakula ndi legeni m'khosi ndi ulimbo m'chitini. Koma ndinu ana a asodzi, simungandiuze kuti nsomba ndi nsomba basi. Usipa umakula msanga, chaka chimodzi waswa, wadzazanso nyanja. Chambo chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chiyambe kuswa, ndipo mayi amasunga mazira ndi ana m'kamwa. Mpheta ndi usipa: imamanga chisa paliponse, imaswa msanga. Chinkhwe ndi chambo: chimafuna mphako ya mtengo wakale, mlambe kapena tsanya, chimaikira mazira owerengeka, chimalera ana milungu yambiri. Ukatenga anawo, chaka chimenecho chapita. Ukang'amba mphako ndi nkhwangwa kuti dzanja lifike, wagwetsa nyumba imene mtengo unaimanga zaka makumi.

Za chambo musafunse ku Joni, funsani agogo anu a ku Malombe. M'zaka za m'ma 1980 chambo cha m'nyanja imeneyo chinkadzaza malole. Anthu ankati sichingathe, n'cha Mulungu. Tinalowa ndi nkacha, tinakokolola ndi kasawala yemwe, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitagwa. Lero ana athu a ku Malombe akula ndi kambuzi, chambo amachiona pa chithunzi. Ku Ghana zinachitika chimodzimodzi ndi zinkhwe zotuwa. Ofufuza anapeza kuti kuchokera mu 1992 dzikolo lataya pakati pa 90 ndi 99 pa zinkhwe 100 zilizonse, chifukwa chogwira zogulitsa ndi kudula mitengo ikuluikulu. N'chifukwa chake mu 2016, pa msonkhano wa CITES umene unachitikira mu Johannesburg momwemo, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Nawonso a ku Ghana ankati ndi mbalame basi.

Ndiye tiyang'anenso chithunzi chija. Timbalame tobiriwira, nkhope ya olenji, mlomo wofiira, kamkombero koyera kuzungulira diso. Funso langa lija linali laulemu chabe, yankho ndikulidziwa. M'mabuku amatitcha Lilian's lovebird, dzina lina ndi Nyasa lovebird, dzina la nyanja yathu yomweyi. Timapezeka m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe ndi Mozambique, ndi kumwera kwa Tanzania. Kuno ku Malawi mudzi wake ndi umodzi: nkhalango ya tsanya ya ku Liwonde National Park, kutsata Shire kukafika ku Malombe. Amene anatifufuza zaka zambiri si mzungu ayi, ndi Mmalawi mnzathu, Dr Tiwonge Mzumara-Gawa. Kafukufuku wake anapeza kuti m'pakimo mulimo pafupifupi 4,000. Anthu a pa masewero amodzi a Bullets ndi Wanderers amaposa pamenepo kutalitali. Ndipo 4,000 imeneyo ili kale pa mavuto: timagona ndi kuswera m'mphako za tsanya, tsanya yemweyo amene timamukonda pa makala, komanso nthawi ya chilimwe opha nyama mozemba amathira poizoni m'zithaphwi, timbalameti tikabwera kudzamwa m'magulu timafera pomwepo. Pa zotsalazo mphwanga watapapo 6.

Ndikudziwa, a m'mphepete mwa paki munena kuti timadya mapira m'munda. N'zoona, timadya. Koma amene anatchera tija alibe munda wa mapira, tisanamizane.

Chinanso, mphwanga, wanama pa malonda ako. Zingolopiyo sizilankhula. Wogula adzadikira mwezi, miyezi iwiri, n'kuona kuti zikungolira tswii tswii ndi kumenyetsa mitu pa waya, poti mbalame yogwidwa itakula sizolowera keji. Akadzatopa adzapatsa ana kuti aziseweretsa ndi ulusi kumwendo. Tiana ta m'katoni tija ndi ta chinkhwe cha mutu wakhofi, chija chimaonetsa chikasu kunsi kwa mapiko chikamauluka pa milambe yathuyi. Pa msinkhu umenewo makolo ake amatilavulira chakudya chofunda kangapo pa tsiku. Iwe ukutithira phala la mgaiwa lozizira ndi supuni. Likalowera kolakwika katsamwa, likakhala m'chithokomiro osagayika lisasa. Dzulo ndamva kuti kamodzi kafa kale. Malonda a mbalame zakutchire ndi otero kulikonse: imene yafika kwa wogula yasiya zinzake zakufa m'njira.

Za lamulo ndinene mwachidule. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, ndipo pa nyama ngati njovu, chipembere ndi ngaka chilango chimafika zaka 30. Kulowa m'paki kukagwira chilichonse ndi mlandu. Kusunga kapena kugulitsa nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Chichokereni mu 2015 pamene African Parks anayamba kuyendetsa Liwonde, mpanda ndi alonda si zija zakale. Ndipo iwe umboni wadziponyera wekha pa WhatsApp ndi nambala yako. Tsiku lomwe zidzavute, bwana wa mumzinda amene anaitanitsa adzakhala kuseri kwa mpanda wake wa njerwa akuti sakukudziwa. Amene adzanyamule kontena ya nsima kupita nayo kupolisi ndi amayi ako.

Tsopano akulu anga, inu amene munati anthu akugona ndi njala. Simunaname, ndipo sindikuyankhani mwachipongwe. Ine ndinaimirira m'chipinda cha dokotala ndikuona Charlie akujambulidwa X-ray tsiku lomwelo, pomwe amayi anga anayendera chithunzi chotero maulendo atatu. Ndinatsuka makola a mbalame aakulu kuposa chipinda chimene tinkagona anthu atatu. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Dziko ili silinagawidwe bwino, pamenepo tili limodzi.

Koma ndifunse: zingolopiyo 6 zikafa m'kakeji, njala ya ndani yatha? Ndalama yake sikwana thumba la chimanga, ipita pa bandulo ndi pa kubetcha sabata isanathe. Njala idzabweranso, koma mphako ija idzakhala yopanda kanthu. Ndi mawu omwewa a njala amene tinasokera neti ya udzudzu ku khoka. Njala inatha? Inakula.

Zoti kusamala chilengedwe n'chizungu ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nthawi ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo amatsegula ndi mwambo wawo. Palibe mzungu anawaphunzitsa. Bambo anga sanapondepo ku Joni, koma chambo chikakodwa chili ndi ana m'kamwa ankachibweza m'madzi, ndipo ukanyinyirika nkhafi inkakupeza. Chachilendo pano si kusamala. Chachilendo ndi keji. Agogo athu chinkhwe ankachiona pa mlambe, sankachipachika pakhonde kuti aneba aone kuti afika. Ngati mukufuna chachizungu pa chithunzi chija, ndi kakeji ka waya kaja.

Ndipo amene mukufuna ndalama, taonani anzathu a ku Chembe. Amatenga alendo pa boti, amaimba likhweru, amaponya nsomba, nkhwazi n'kutsika kudzaiwakha, makamera n'kulira. Nkhwazi yomweyo sabata ino, yomweyo sabata yamawa, yomweyo chaka chamawa. Atati aigwire n'kuigulitsa, angadye kamodzi. Ku Liwonde kumabwera alendo okwera ndege ndi zoonera patali m'khosi, ena chobwerera chawo ndi kachingolopiyo komweka, ndi kadzidzi wamkulu wodya nsomba uja wa m'mitengo ya m'mbali mwa Shire. Amalipira pageti, pogona, pa boti, ndi kwa wowaperekeza. Mnyamata amene akudziwa mtengo umene zingolopiyo zimagona, nthawi imene zimatsikira kumadzi, ali ndi luso limene alendo amalipira. Iye akuligulitsa pa mtengo wa katoni ya sopo.

Pali ena mwa inu amene muli nacho kale chinkhwe pakhomo, china munabwera nacho, china anakusiyirani abwana. Sindikukuweruzani, ndinali komweko. Landirani zimene ndinaphunzira mochedwa:

1. Mapeyala ndi poizoni kwa chinkhwe, angachiphe. Chokoleti, khofi, mowa ndi zamchere ngati tchipisi, ayi. Zomwetsa mbalame mowa kuti anthu aseke, siyani.

2. Mpendadzuwa ndi mtedza wokhawokha zili ngati munthu kudya mafuta tsiku ndi tsiku. Mtedza wa chuku ndiye woopsa, umawononga chiwindi ndi mapapo. Chipatseni masamba otsuka bwino monga bonongwe ndi chisoso, karoti, dzungu, mbatata ya olenji yophika, papaya, mango, gwafa, chimanga chachiwisi, mapira, nyemba zophika zopanda mchere, ndi kadzira kowiritsa mwa apo ndi apo. Njere zikhale zapang'ono, ngati ndiwo osati nsima.

3. Madzi akumwa asinthidwe tsiku lililonse, mbale zitsukidwe, zitosi zichotsedwe zisanaume n'kukhala fumbi. Muzichiwaza timadzi kuti chisambe.

4. Utsi ndi mdani. Mbaula, fodya, koyilo, mankhwala opopera udzudzu, parafini, ndi pani ija yosamata ikapserera pamoto. Chifuwa cha mbalame si cha munthu, zimene inu mungotsokomola nazo iyo ifa nazo.

5. Keji ikhale yoti chitambasule mapiko onse osagunda waya, isakhale ya dzimbiri. Muikemo nthambi zenizeni zosiyana kukula, ndi zoti chizitafuna. Chikasowa chotafuna chitafuna nthenga zake.

6. Chione dzuwa la m'mawa koma pakhale mthunzi wothawirapo. Usiku chigone pamdima ndi pachete maola 10 mpaka 12. Bulangete la masana lija musadzayerekeze.

7. Chimafuna anthu maola angapo tsiku lililonse. Chikaluma musachimenye, sichiiwala. Ngati mumachoka m'bandakucha n'kubwera usiku, vomerani kuti simungathe, monga ndinavomerera ine.

8. Zikakukanikani musangotsegula chitseko kuti chidzionere. Mbalame yokulira m'keji sidziwa kudzisakira, ndipo ingapatsire matenda zakutchire. Uzani a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, kapena a Lilongwe Wildlife Centre amene ntchito yawo ndi kulandira nyama zopulumutsidwa.

Ndipo nonse amene mulibe: musagule. Ngakhale chifukwa cha chisoni, musagule. Mukagula kuti muipulumutse, mwatuma mnyamatayo kuti akwerenso mlambe mawa.

Anzanga ena anandinyoza kuti ndiyambitse kalabu ya zinkhwe kuno ndikhale tcheyamani. Ndavomera, koma yathu isakhale ndi keji ngakhale imodzi. Tikumane padoko Lamlungu masana, aliyense anene milambe ya kwawo imene zinkhwe zimaswera, tigwirizane ndi mafumu ndi komiti ya pagombe kuti mitengo imeneyo sikwereka. A Wildlife and Environmental Society of Malawi ali ndi makalabu a zachilengedwe m'masukulu, tikawapemphe atiphunzitse kuwerenga mbalame ndi kuperekeza alendo. Akabwera atatu, tiyamba atatu.

Iwe mphwanga, sindinalembe izi kuti ndikuchititse manyazi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Chotsa chithunzi chija. Kotsala kaja kaike pofunda, pachete, ana asakagwiregwire. Zingolopiyo uziike pamthunzi, uzipatse madzi ndi mapira. Mawa m'mawa ndikupeza, tiimbire limodzi a zanyama, ya minibasi ndilipira ine. Kupita wekha kukapereka n'kosiyana ndi kupezeka nazo pa rodibuloko.

Mwina mufunsa za Charlie. Anakhala kwa wolera miyezi 11. Anamutenga mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndipo mwana wake wamkazi anasaina nawo kuti mayi ake akadzapita, mbalameyo idzakhala yake. Nthenga zinamera, kupatula pachifuwa pomwe panatsala kadazi ngati ndalama yachitsulo, ndipo dokotala anati pamenepo sipadzameranso. Kadazi kameneko ndi ntchito yanga. Chaka chatha mnyamata wachizulu uja ananditumizira kamawu pafoni, akufunsa kuti mbalameyi imanena chiyani madzulo aliwonse, poti m'nyumbamo palibe akumva. Ndinatsegula. Anali mawu anga: "Amayi, ndatumiza, mwalandira?" Ndinawamvetsera amayi, anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke.

Tumizani uthengawu ku magulu ena a kugombe, makamaka a ku Malombe, Ulongwe ndi Liwonde. Amene mukufuna kutsutsa, tsutsani, ndili pompano, koma muyambe mwandiuza kumene chambo cha ku Malombe chinapita.

Ndatha ine wanu,
mwana wa msodzi.